Nsapato za ku Mponela pa Makhonde a ku Bolonya

Taimani kaye ana inu, musaitane njinga yamotoyo. Kuchoka pano kukafika pa Kasakula pomwepa mpaka kabaza? Miyendo imeneyo anakupatsani kuti muzingovekapo mathalauza ong'ambika m'mawondo? Khalani pansi, kokerani lichero pafupi, tiziswa mtedzawu uku ndikukuuzani za kuyenda. Iwe Yankho, foniyo ika m'thumba, sithawa.

Ine agogo anu ndinali munthu woyenda, kafunseni aliyense wa msinkhu wanga amene watsala. Ndili mnyamata tinkanyamuka kuno mame asanakamuke, kudula mapiri onsewa, kugona kwa achibale m'njira, mawa lake n'kukatulukira pa Mponela kukagula mchere ndi palafini. Kamba wathu anali chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha. Kumapazi tinkavala nkhwaila zodula ku tayala la lole. Zimenezo sizinkatha ayi. Linkatha ndi phazi, nkhwaila n'kutsalira mng'ono wako. Ndiye ndikamati pali ulendo umene unandikhazika pansi, dziwani kuti unalidi ulendo. Ndipo sunali wa kuno. Unali wa ku Italiya, ndili kale ndi imvi zomwezi.

Anti anu a Tamala mukuwadziwa, mwana wa mlongo wanga, malemu aNambewe. Tamala ankagwira ntchito pa Dzaleka, ndipo kumeneko anakumana ndi mnyamata wachizungu woika mipope ya madzi, dzina lake Mateyo. Ntchito ya mnyamatayo itatha, awiriwo anangothamangira kwa DC, kusaina, n'kuuluka. Chinkhoswe ayi, nkhuku ayi. Ife tinangomva pa foni ngati uthenga wa maliro. Patapita nthawi tinamvanso kuti kwabadwa mwana wamwamuna.

Nthawi imeneyo aNambewe maso anali atachita ng'ala, miyendo ikutupa. Tsiku lina anandiitanitsa, n'kundigwira dzanja.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu. Tamala akuti atumiza tikiti. Ine sindingakwere ndege. Pitani inu mukawauze eni akewo kuti ndikufuna mdzukulu wanga ndimufungate ndisanafe. Musabwereko chimanjamanja."

Ndinavomera. Ndinatulutsa jekete yanga ya ku Mgonero, ndipo ndinapita pa Mponela kukagula nsapato zoyenera nkhoswe yopita kunja: zakuda, zosongoka kutsogolo, zowala ngati galasi. Nditayesa zinandithina. Wogulitsayo anati, "Madala, chikopa chenicheni chimatero, zimasuka zokha mukamayenda." Munthu ameneyo ndimamupemphererabe, chifukwa Malemba amatilamula kutero.

Za ndege sindinena, mwazimva kokwanira. Ndinafika mumzinda wotchedwa Bolonya, ndinamuona mwana, wonenepa bwino, mphuno ya kwathu yeniyeni. Koma Tamala anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza.

"Amalume, Mateyo alibe vuto, akufuna tibwere. Vuto ndi bambo ake. Mayi anamwalira, mwana wawo ndi Mateyo yekha, mdzukulu ndi yemweyu. Akuti ku Afirika kuli malungo, komanso akuopa kuti tikapita sitidzabwerera. Mateyo sangawasiye akulira. Mukawagwira mtima amenewa, zonse zatheka."

Bambowo anali aafupi, a mimba yotsogola, ndevu za pamlomo zoyera mbee, chipewa kumutu. Tamala anati, "Amalume, awa ndi apongozi anga, a Buluno." Ndinatsala pang'ono kutsamwa. Ana inu mukudziwa kuti kuno Buluno ndi dzina la galu. M'mudzi uno mokha muli a Buluno angapo, onse akuba mazira. Ndingamuitane bwanji munthu wamkulu, mwini nyumba, ndi dzina limenelo? Kuyambira pomwepo ndinkangoti "asewere," iwo n'kumavomera osadziwa kuti n'chiyani. Chizungu changa n'cha ku pulayimale ya mishoni, koma poyerekeza ndi chawo, changa chinali ngolo yodzaza. Iwo ankadziwa "gudu" ndi "okeyi," basi.

M'mawa wina Tamala anati, "Amalume, lero apongozi akufuna akakuonetseni mzinda wakale, wapansi. Koma muchenjere, amenewa ndi akatswiri oyenda. Phiri lililonse lozungulira pano analikwerapo."

Mumtima ndinati, ehe, ndawazindikira. Akufuna ayese nkhoswe ya kuchikazi ngati ili ndi mafupa. Ndikatopa ine, anena kuti kwawo kwa Tamala n'kwa anthu ofooka, mwana asapiteko. Komanso mudziwe kuti nkhani ya banja sainena chiimire. Umadikira mwini mudzi akupatse mpando, mukhale, mulonjerane, kenako n'kumasula thumba. Ndiye ndinati ndiyenda mpaka iwowo akhale pansi, ndipo pamenepo ndidzayankhula. Ndinavala jekete, tayi, ndi nsapato zija. Kunja dzuwa linali la mu Okutobala wa kuno, ngakhale iwo ankati ndi Julayi.

Mzinda umenewo, ana inu, ndi khonde lokhalokha. Nyumba zake n'zogundana, zazitali, zofiira ngati katondo wa ku Dowa, ndipo iliyonse ili ndi khonde la nsanamira lolumikizana ndi khonde la mnzake. Umayenda pa khonde la munthu, kulowa la wina, kulowa la winanso, osanyowa ndi mvula, osapsa ndi dzuwa. Ine poyamba ndinkati "odi, odi" pa khomo lililonse, chifukwa sindinaleredwe kudutsa pakhonde la eni ngati mbuzi. Nditaona kuti mawu atha ndipo palibe akundiyankha, ndinasiya. Chinandidabwitsa china n'chakuti aliyense wokumana ndi asewere ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Chawo! Chawo!" Ine n'kumati, inde tikudziwa kuti n'chawo, ndani wati n'chathu? Pambuyo pake ndi pamene Tamala anandiuza kuti ndiwo moni wa kumeneko.

Tisanapite patali nsapato yakumanja inayamba kundiluma chidendene. Asewere analowa m'kasitolo kena konunkhira khofi, ine mtima pansi, ndinati tikhala tsopano. Kukhala kuti? Anthu onse anali chiimire, atatsamira thebulo lalitali ngati ng'ombe pa mtsinje. Anatipatsa timakapu tating'ono ngati chotsekera botolo, m'kati muli madontho akuda owawa ngati kwinini. Asewere anangoti kwapu, kamodzi, n'kupukuta ndevu. Ine ndinayang'ana uku ndi uku kudikira kuti mwina tiyi weniweni akubwera. Sanabwere. Kuno mlendo ukam'patsa chakumwa chotere, nkhani yake ikafika ku bwalo la mpingo.

Tinatulukira pa bwalo lalikulu loyalidwa miyala, lotakasuka kuposa la mpira. Kumapeto kwake kunali tchalitchi chachikulu moti chathu chino chikhoza kulowamo pamodzi ndi sukulu ndi nyumba ya abusa. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti kumaso kwake anakongoletsa ndi miyala yosalala kuyambira pansi kufika pakati pokha. Kumwamba konse njerwa zili pamtunda, zosapaka kanthu. Ndinaloza, n'kufunsa m'Chizungu kuti amaliza liti. Asewere anaseka, n'kuponya dzanja kumbuyo kwa phewa kambirimbiri, kusonyeza kuti zinaima agogo a agogo awo asanabadwe. Ana inu, mtima wanga unazizira bwino. Ine ndakhala mu komiti ya zomangamanga ya mpingo wathu zaka zambiri, anthu akutinena kuti khonde la tchalitchi silikutha. Ndinaima pamenepo n'kunena kuti, Ambuye, kani ngakhale Azungu ali ndi makomiti.

Pafupi pomwepo panali chitsime cha madzi othovoka, pamwamba pake ataimikapo chiboliboli cha chimunthu champhamvu, chandevu, chogwira foloko yaikulu. Koma malaya ayi, kabudula ayi, ngakhale kansanza. Pansi pake panali ziboliboli za akazi, madzi akutuluka malo amene sinditchula pamaso pa Yankho. Ndipo amayi ndi ana anali atakhala pomwepo, akunyambita ayisikirimu mosatekeseka. Ine mkulu wa mpingo ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga nkhunda. Asewere anandikoka mkono kuti andijambule. Chithunzi chimenecho chilipo, koma mudzachiona ine nditapita.

Kenako tinafika pa nsanja ziwiri za njerwa, zazitali ngati zikufuna kubaya mitambo. Ina inali yopendekeka ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Ndinadutsa pansi pake mothamanga pang'ono, osasamala matuza amene anali atayamba kuchidendene. Asewere analoza pamwamba pa nsanja yaitaliyo, n'kuyendetsa zala ziwiri m'mwamba kusonyeza masitepe, kenako anandiyang'ana. Mawondo anga anayamba kupemphera okha. Koma ndinagwedeza mutu n'kunena kuti, "Okeyi." Titafika pa khomo tinapeza potseka, akukonza. Asewere anamenya m'manja modandaula kwambiri, ine ndinapukusa mutu modandaula kuposa iwo. Tinaima pamenepo madala awiri, aliyense akudandaula mokweza, thukuta lili kamukamu.

Njala itayamba, tinalowa m'tinjira topanikiza ta msika. Kumeneko miyendo ya nkhumba yaiwisi imalendewera kudenga ngati fodya m'chigafa, ndipo akuti imakhala choncho chaka chathunthu osawola. Tchizi chake n'chachikulu ngati gudumu la wilibala, fungo lake ngati sokosi za mwana wa sekondale. Ndinaona mipando kutsogolo kwa malo odyera, yopanda anthu, ikundikodola. Asewere anayang'ananso mipandoyo nthawi yaitali, anapuma mozama, kenako anandiyang'ana ine. Ine ndinaongola msana n'kukonza tayi. Basi anagula mabanzi awiri oika nyama yopyapyala moti ukhoza kuonera dzuwa, ndipo tinadya tikuyenda. Ine, Mbewe, kudya m'njira ngati mwana wothawa sukulu.

Apa n'kuti mapazi onse awiri ali moto. Ndinazindikira kuti ndikafulumira ululu umachepako, chifukwa phazi silikhalitsa pansi. Ndiye ndinayamba kuponya miyendo. Kumbuyo ndinamva asewere akuti, "Piyano! Piyano!" Ndinati, ohoo, pali limba penapake limene akufuna akandionetse, ndipo pamene pali limba pamakhala benchi. Ndinawonjezera liwiro. Iwo n'kumakuwabe, "Piyano, piyano!" ine n'kumayankha, "Yesi, yesi, piyano!" uku ndikusuzumira khomo lililonse. Ana inu, m'chinenero chawo mawu amenewo amatanthauza kuti pang'onopang'ono. Munthu ankandichonderera kuti ndichepetse, ine ndikumuthamangitsa mzinda wonse kufunafuna limba.

Tinadutsa pa chipata chakale cha mzinda, ndipo ndinaganiza kuti tsopano makhonde atha, tibwerera. Asewere anavula chipewa, anapukuta dazi, n'kuloza kutsogolo. Khonde lina linayambira pamenepo, lalitali losaoneka mathero, ndipo patsogolo linkakwera phiri ngati njoka, mpaka pa tchalitchi chozungulira chimene chinali pamwamba penipeni. Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Ine ndinawayang'ananso. Ndinakumbukira dzanja la aNambewe lili m'dzanja langa.

"Okeyi," ndinatero.

"Okeyi," anatero iwo, mawu ake ngati a munthu wovomera mlandu.

Chitunda chimenecho sindidzachiiwala. Mapiri a kuno ali ndi chifundo: pali mthunzi wa msuku, pali mwala wokhalapo, ukhoza kunamizira kuti ukuyang'ana bowa. Kumeneko ayi. Masitepe, nsanamira, masitepe, nsanamira. Ukati pokhota apo ndiye pomaliza, ukapeza khonde lina likukuyembekeza. Atsikana ovala tizovala tothamangira ankatipitirira, kukafika pamwamba, kubwerera, kutipezanso tili pomwepo. Ndinkangomva asewere wefuwefu kumbali kwanga, ndipo ndinaona kuti mwendo wawo wakumanzere akuukoka. Ine sokosi inali itanyowa, ndipo sindinafune kudziwa kuti yanyowa ndi chiyani. Jekete ya ku Mgonero inali thapsa.

Tchalitchi chija chitayandikira ndithu, asewere anaima. Anagwira nsanamira ndi manja awiri, anayang'ana kumwamba, n'kukuwa ndi mawu onse:

"Basita!"

Magazi anga anawira. Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito pa esiteti ina ya fodya, ndipo mzungu wa pamenepo akapsa mtima ankatitukwana ndi mawu ofanana ndi amenewo. Ndinati, ndayenda mzinda wonse ndi moto kumapazi kuti pomaliza anditukwanire mayi anga? Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwabwezere m'Chichewa chakuya. Koma ndisanayambe, munthu wamkulu uja anangoti khu, kukhala pa sitepe, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anakwinya thalauza, ndipo bondo lawo linali lotupa ngati dzungu, lomangidwa bandeji. "Basita, basita," anabwereza motsitsa, misozi ili m'maso. Pamenepo ndi pamene ndinamva. Ankati basi. Mawu awo ndi athu anali pachibale.

"Basi," ndinatero ine, n'kudzigwetsa pambali pawo.

Ndinavula nsapato za ku Mponela. Asewere ataona matuza anga ophulika anagwira kumutu n'kuitana amayi awo. Ine ndinaloza bondo lawo, iwo analoza zidendene zanga, ndipo tinayamba kuseka. Tinaseka mpaka kutsokomola, mpaka anthu odutsa ankatilambalala. Mphepo inkawomba bwino pamenepo. Pakati pa nsanamira ndinaona mzinda wonse uli pansi, wofiira, nsanja zija ngati zisonga ziwiri, ndipo mbali inayo mapiri obiriwira otsetsereka ngati a kuno kwathu.

Kenako ndinazindikira kuti takhala pansi. Mwini mudzi wakhala, mlendo wakhala. Ndinakonza tayi, ndinawomba m'manja mwaulemu, ndipo ndinayamba monga mwa mwambo, m'Chichewa, chifukwa Chizungu chinali chitatsalira m'munsi mwa phiri. Ndinanena kumene ndachokera, amene wandituma, ndi chimene ndadzera. Asewere anavula chipewa n'kumvetsera mpaka ndinamaliza. Atatero anayankha m'chinenero chawo, nthawi yaitali, manja akuuluka, dzina la Mateyo likumveka. Ine ndinkavomera, "Inde, inde, zoona." Palibe anamva mnzake ngakhale liwu limodzi.

Ndiye ndinatenga nsapato. Ndinaika chipewa chawo apa, n'kunena kuti, "Italiya." Ndinaika jekete yanga apo, n'kunena kuti, "Malawi." Ndinapinda manja ngati ndafungata khanda, n'kuloza nsapato yanga kuti mwana ndi ameneyu. Ndinaiulutsa m'mwamba, vuuu, kuchoka pa chipewa kukatera pa jekete. Ndinatseka maso anga ndi dzanja, n'kupapasa m'mwamba monga amachitira aNambewe, kenako ndinaikumbatira nsapato ija pachifuwa. "Sisita," ndinatero. "Mama Tamala."

Asewere analoza nsapato, analoza chipewa chawo, n'kutambasula manja mofunsa. Ndinamva funso lawo bwinobwino: kodi adzabwerera? Ndinainyamula nsapato ija, vuuu, kuibweza, n'kuiika m'chipewa mwawo mwenimweni. Ndinagwira pamtima panga, n'kuloza tchalitchi chili pamwamba pathu.

Anayang'ana nsapato ili m'chipewa kwa kanthawi. Kenako anatola nsapato yawo, yabulauni, yakutha chidendene, anaiphatikiza ndi yanga, n'kuziulutsa zonse ziwiri pamodzi mpaka pa jekete. Anadziloza pachifuwa.

"Malawi," anatero. "Okeyi?"

Ana inu, ine sindilira pagulu. Linali thukuta lolowa m'maso.

Kutsika sitinatsike wapansi. Asewere anaimba foni, Mateyo anabwera ndi galimoto, Tamala ali kutsogolo ndi mwana. Atatipeza madala awiri opanda nsapato, titatsamirana pa sitepe, Tamala anagwira pakamwa.

"Amalume! Mwakwera mpaka kuno? Apongoziwa adokotala anawaletsa masitepe!"

"Nanga suja unati ndi akatswiri oyenda?"

"Ndimanena zakale, ali anyamata! Iwonso ndinawauza kuti inu munkayenda wapansi kuchoka ku Ntchisi mpaka ku Mponela. Usiku wonse sanagone, akuti mlendo wotere ndimusangalatsa bwanji, ndikakhala pansi andiona waulesi."

Tamala anamasulira zimenezi kwa asewere, ndipo iwo anatenga chipewa n'kumumenya nacho Mateyo paphewa, ngakhale iye sanalakwe kanthu.

Anabweradi onse, chaka chotsatira mvula itatha, udzudzu utachepa. Ena mwa inu mukukumbukira galimoto ija itaima pa mtengo wa mango, asewere akutsika atadzola mankhwala a udzudzu mpaka m'makutu. Chinkhoswe tinachita, nkhuku zinaperekedwa, ndipo iwo anavina mpaka bondo linawakumbutsa. ANambewe anamufungata mwana pa mkeka, anamupapasa nkhope yonse, tsitsi, makutu, ndipo anamupatsa dzina la kuno, Tafika. Anakhala naye pamiyendo masiku onse amene alendowo anali kuno, osalola wina kumunyamula. Dzinja lotsatira anatisiya, ndipo anapita mtima uli m'malo. Tsiku lija alendowo ankabwerera kwawo, mwana ndinamubweza ndekha mpaka pa bwalo la ndege, monga ndinalonjezera.

Mpaka lero, Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, Tamala amaimba foni n'kuwapatsa asewere. Iwo amayankhula chawo, ine ndimayankhula changa, wina akamaliza mnzake n'kuyamba, mpaka foni itenthe khutu. Agogo anu aakazi tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi inu ndi mzungu wanuyo mumakambirana chiyani, poti simumvana?"

Ndinati, "Za mawondo."